Nyumba za lendi: kumayadi, m'malokeshoni kapena kwa mfumu, ndalama imatsala kuti?

Nachisale47: Akuluakulu, mwaswera bwanji pagulu pano. Tiyerekeze munthu ali ndi K200 miliyoni ndipo akufuna nyumba ya lendi mu Lilongwe kapena Blantyre. Agule imodzi yabwino kumayadi, amange zing'onozing'ono zinayi ku 49 kapena ku Machinjiri, kapena angothira midadada ku Mtandire ndi ku Ndirande? Aliyense amene mungamufunse amatamanda kwawo. Odziwa tithandizeni, koma ndi manambala chonde, osati "malo sawola" basi.

aGama Owerengera: Zikomo mayi. Tiyambe ndi masamu, zokangana zibwere pambuyo. Manambala ndikuikawa ndi ongoyerekeza kuti njira yowerengera ioneke, inu mudzaikemo mitengo yomwe mwaipeza pamsika sabata imene mukugula.

Yakumayadi, tinene ku Area 47 kapena ku Nyambadwe: K200 miliyoni, lendi K1 miliyoni pamwezi. Pachaka K12 miliyoni. Gawani 12 ndi 200, mupeza 6 peresenti.

Zinayi za zipinda zogona ziwiriziwiri mumpanda umodzi ku 49: iliyonse K400,000, pamwezi K1.6 miliyoni, pachaka K19.2 miliyoni. Ndiye 9.6 peresenti.

Midadada: zitseko 40 pa mapuloti atatu kapena anayi, chitseko K70,000. Pamwezi K2.8 miliyoni, pachaka K33.6 miliyoni, pafupifupi 17 peresenti.

Apa ndi pamene ambiri amasiyira kuwerenga n'kuthamangira kukagula njerwa. Koma imeneyo ndi ndalama yapapepala. Chotsani tsopano.

Yakumayadi ikatuluka tenanti sipeza wina msanga, ikani miyezi iwiri yopanda munthu pachaka, K2 miliyoni yapita. Zokonzakonza ikani 1 peresenti ya mtengo wa nyumba, K2 miliyoni ina. Msonkho wa khonsolo, ground rent (lendi ya nthaka yolipira kwa mwini malo) ndi inshuwalansi, K1 miliyoni. Ejenti woyang'anira akatenga 10 peresenti ya zomwe watolera, K1 miliyoni. Yatsala K6 miliyoni, 3 peresenti.

Zinayi zija: mwezi umodzi wopanda munthu pa iliyonse, K1.6 miliyoni. Zokonza K2.5 miliyoni chifukwa mabafa ndi anayi, makitchini anayi, zimbudzi zinayi. Misonkho ndi inshuwalansi K800,000, ejenti K1.8 miliyoni. Yatsala K12.5 miliyoni, kupitirira pang'ono 6 peresenti.

Midadada: pa K5 iliyonse K1 simudzaiona, ena athawa usiku, ena ali ndi maliro, ena akulonjeza. K6.7 miliyoni yapita. Kupopa ndi kukumba zimbudzi, zitseko, maloko, pansi pofumbuka, K5 miliyoni. Wotolera ndi woyang'anira K3 miliyoni. Yatsala pafupifupi K19 miliyoni, 9.5 peresenti. Ndipo zonsezi MRA isanatengepo yake.

Wa ku Joni: Ndiye nkhani yatha apa bwana. Mdadada wapambana, 9.5 kuposa 3.

aGama Owerengera: Dekhani achimwene. Yankhani kaye funso ili: tsiku limene mudzafune kugulitsa, adzagula ndani, ndipo banki idzavomera pepala lanulo ngati chikole? Yakumayadi ili ndi lizi yolembedwa ku Lands, wogula atha kukatenga ngongole n'kukulipirani. Mdadada wa kwa mfumu wogula wake ndi wa ndalama yapamanja yekha, ndipo amadziwa kuti mulibe kothawira, amakugwetsani mtengo. Lendi ndi mwendo umodzi, mwendo wina ndi kukwera mtengo kwa malo. Kumayadi mwendo wa lendi ndi wopunduka koma wa malo ndi wamphamvu. Kwa mfumu n'zosemphana.

aMbewe a Malamulo: Ndilowererepo pa mapepala, chifukwa mtundu wa nyumba suyambira pa matailosi, umayambira pa mwini nthaka. M'mizinda yathu puloti imatha kukhala ya unduna wa za malo, ya Malawi Housing Corporation, ya khonsolo ya mzinda, ya kampani kapena munthu amene ali ndi freehold (malo akeake opanda lizi), kapena ija anthu amati "ndinagula kwa amfumu". Zambiri za boma zimakhala pa lizi ya zaka 99, ndipo mumalipira ground rent chaka ndi chaka.

Musanapereke ngakhale dipoziti, pitani ku Land Registry mukachite search pa nambala ya puloti. Pepala limenelo likuuzani zinthu zinayi: dzina la mwini weniweni, zaka zotsala pa lizi, ngati pali charge ya banki (ndiye kuti malowo anaikidwa chikole), komanso ngati wina anaikapo caution. Caution ikakhalapo ndiye kuti pali wina akuti malowo akumukhudza, mwina mkazi wakale, mwina wobwereketsa ndalama, ndipo dzina silisintha mpaka itachotsedwa. Kenako tengani saveya akapeze mabikoni. Mpanda si malire. Mipanda yambiri inadya msewu kapena puloti ya mnzake, ndipo wogula ndi amene amadzagumula ndi ndalama zake.

Nyumba yamasiye samalani nayo kwambiri. Mwana woyamba kukhala ndi makiyi sizitanthauza kuti ali ndi mphamvu yogulitsa. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana onse. Funsani makalata a kukhoti osonyeza amene anapatsidwa udindo woyendetsa chumacho, ndipo onse oyenera kulandirapo asainire. Nyumba zotchipa modabwitsa ku 18, ku Chitawira ndi ku Nkolokosa nthawi zambiri nkhani yake imakhala imeneyi.

Za kwa mfumu: m'kati mwa malire a mzinda kalata ya amfumu ndi umboni woti munalipira munthu, si umboni woti malo ndi anu. Anthu zikwizikwi akukhala choncho ndipo sakugwetsedwa, n'zoona, koma inu mukuika K200 miliyoni, simukumanga kachisakasa. Funsani ku ofesi ya mapulani ya khonsolo ngati pamalopo sipadutsa msewu, ngati sipali pansi pa nthambo zikuluzikulu za ESCOM, komanso ngati sipali m'mphepete mwa mtsinje moletsedwa kumanga.

Mayi Nangondo: aMbewe mwaiwala chimodzi. Ngongole ya city rates imatsata nyumba, sitsata munthu. Wogulitsa akakhala kuti sanalipire zaka zisanu, khonsolo idzagogoda pa geti lanu. Chimodzimodzi bilu ya madzi ya mita yakale ija yosagula mayunitsi. Lembani m'pangano kuti ndalama yomaliza muperekera pamene wabweretsa makalata osonyeza kuti khonsolo, Lands, a madzi ndi MRA alibe naye mangawa.

aMbewe a Malamulo: Zoona mayi, mwandikumbutsa bwino.

Mmisiri wa ku Ndirande: Inu mukukamba mapepala, ine ndikambe khoma, poti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nyumba yogulitsa amaipaka penti sabata yomweyo, ndiye penti musaiyang'ane n'komwe.

Kaoneni nyumba mu January kapena February mvula itagwa usiku wonse. Mu August nyumba iliyonse ndi yabwino. Yang'anani khoma kuchokera pansi kufika m'bondo: penti ikatupa, pulasitala akamayoyoka ngati ufa, kapena pali mzere woyera ngati mchere, ndiye kuti chinyezi chikukwera kuchokera m'maziko. Mwina sanayale pulasitiki pansi pa silabu ndi DPC, chotchinga chinyezi chija, pansi pa khoma, mwina malowo ndi dambo. Zimenezi penti sachiza. Tenanti amatuluka zovala zikayamba nkhungu mu wadiropu, ndipo wotsatira amatulukanso chimodzimodzi.

Ming'alu ili mitundu iwiri. Yaing'ono ngati tsitsi, yongoyenda pa pulasitala, imeneyo ndi simenti yochepa kapena sanathirire madzi, siopsa. Koma mng'alu woyambira pakona ya windo kapena chitseko n'kumatsika mopingasa ngati masitepe, wolowa ndalama yachitsulo, umenewo ndi maziko akutitimira. Umapezeka kwambiri pa dothi lamakande, lakuda lija, chifukwa limatupa dzinja n'kusweka chilimwe, nyumba imakhala ikuvina chaka chonse. Pa katondo vutoli ndi lochepa. Mukaona mng'alu womatidwa kumene, funsani anaumata liti, bwererani patatha miyezi iwiri.

Tengani msomali mukande pakati pa njerwa kuseri kwa nyumba kumene sanapake pulasitala. Ukalowa mosavuta n'kutuluka dothi lofiira, nyumbayo anamangira matope, simenti ili pamwamba pokha. M'malokeshoni zimenezi n'zochuluka. Sikuti igwa mawa, koma musailipire mtengo wa nyumba ya simenti, ndipo musalote zodzaikapo chipinda chapamwamba. Onaninso ngati pamwamba pa mawindo pali ring beam yozungulira nyumba yonse, osati timalintolo tapawindo pokha.

Kenako kwerani mu siling'i ndi tochi. Ambiri amachita ulesi apa, pomwe ndalama yaikulu yokonzera imabisala m'menemo. Bayani mitengo ya denga ndi sikuludiraiva, ikalowa ngati mu chinangwa chophika ndiye kuti chiswe chadya kale. Zimitsani tochi, muone kuwala kolowera m'mabowo a misomali. Malata a geji 28 ndi okhuthala kuposa a geji 30 kapena 32, nambala ikamakwera lata likupyapyala, ndipo opyapyalawo amachita dzimbiri msanga komanso mphepo ya mvula yoyamba imawasasula. Muli momwemo onani nthambo zamagetsi: zikhale m'mapaipi, za masoketi kukula kwake kukhale 2.5 mm², za magetsi ounikira 1.5, ya kuka 6. Mukapeza zolumikiza ndi tepi zili lendelende pamitengo, ikani ndalama yoika mawaya atsopano nyumba yonse, ndipo agwire ndi munthu wa chiphaso cha MERA. Moto wa m'nyumba za lendi umayambira kawirikawiri pamenepa, tenanti akalumikiza hotipuleti pa nthambo ya babu.

Che Mdala wa pa Kanengo: Amisiri mwalankhula. Koma nyumba yabwino pamalo olakwika ndi manda a ndalama. Ine ndimati musanayang'ane nyumba, yang'anani tenanti: amagwira kuti ntchito, amalandira liti, amakwera kangati kuti akafike.

Area 25 imadya za Kanengo. Mafakitale, nyumba zosungiramo katundu, okushoni ya fodya, zonse zili pafupi, munthu amatha kupita pa kabaza kapena wapansi. Koma dziwani kuti ena mwa anthu amenewo ndi a sizoni, msika wa fodya ukatsekedwa amabwerera kumudzi, ndiye chitseko chodalira iwowo chiwerengeni miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, osati khumi ndi iwiri. Area 18, 15 ndi mbali ina ya 47 zimadya za Capital Hill ndi City Centre, anthu a malipiro a pamwezi, ochedwa nthawi zina koma osathawa. Ku 49 kunakwera chifukwa cha misewu, ija yodutsa pa Bingu Stadium ndi mphambano yodutsana pamwamba ya pa 18 zinafupikitsa ulendo. Kawale, Biwi, Mchesi ndi Chilinde zimadya za Old Town, mavenda ndi amisiri opeza ndalama tsiku ndi tsiku. Ku Blantyre, Ndirande amadya za mafakitale a ku Makata ndi m'tauni, Bangwe amadya za Limbe, Chitawira ndi Naperi amadya za Ginnery Corner, Queens ndi Chichiri.

Lamulo langa ndi ili: tenanti amawerenga lendi pamodzi ndi thiransipoti. Nyumba ya K300,000 yokwera minibasi imodzi imaposa ya K250,000 yokwera ziwiri ndi kabaza pamwamba. Mafuta akasowa kapena akakwera, nyumba zakutali ndi zimene zimayamba kukhala zopanda anthu. Ndiye imani pa geti la nyumba mukufunayo, yendani wapansi mpaka pa siteji, muwerenge mphindi. Zikapitirira 15, ndipo njirayo ndi yamatope dzinja, tsitsani lendi yomwe mukuyembekezera.

Pitaniko katatu. Mamawa 6 koloko mutsegule mpopi, nthawi imene aliyense akusamba, muone ngati madzi akutuluka ndi mphamvu. Usiku wa Lachisanu mumve phokoso la mabala ndi kuona ngati anthu akuyenda momasuka. Lamlungu masana muyende mizere itatu yozungulira, muwerenge nyumba zopanda makatani ndi zikwangwani za "To Let", mufunse mayi wa pa okala kuti nyumba yakutiyakuti yakhala nthawi yaitali bwanji yopanda munthu, komanso amene anatulukamo ankalipira zingati. Dobadoba akuuzani lendi yomwe landilodi akufuna, mayi wa pa okala akuuzani yomwe inkalipidwa.

Nachisale47: Nanga madzi ku Blantyre, poti aliyense amadandaula?

Mmisiri wa ku Ndirande: Vuto lake ndi mapiri, mayi. Madzi ambiri a mzindawu amachokera mu Shire pa Walker's Ferry, amachita kuwapopa kukwera mtunda wautali kudzera ku Chileka. Magetsi akavuta kapena paipi ikaphulika, okhala pamwamba ndi kumapeto kwa mapaipi ndi amene amayamba kuuma ndi kumaliza kulandira. Lilongwe imamwa za madamu a Kamuzu ku Malingunde, malo ndi athyathyathya, koma madera atsopano akumathero nawonso madzi amafika usiku okha. Choncho nyumba ya chimbudzi chamadzi yopanda thanki si nyumba ya kalasi imene mukuiganizirayo. Banja la anthu asanu, aliyense malita 100 patsiku, ndi malita 500. Thanki ya malita 2,000 iwasunga masiku anayi, ya 5,000 masiku khumi. Pa nyumba zinayi mumpanda umodzi musaike thanki imodzi yogawana pa mita imodzi, mudzakhala woweruza milandu mwezi uliwonse. Iliyonse mita yake ya madzi, mita yake ya ESCOM. Zimadula poyamba, koma mita yogawana ndiyo imathamangitsa matenanti abwino: wina ali ndi firiji ndi ayironi, wina babu limodzi, mayunitsi akatha onse ali mumdima akulozana zala.

Ndipo poti tatchula mapiri, pamtsetse samalani. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala zinatsikira ku Chilobwe ndi ku Manja, anthu ambiri anafa, nyumba zinapita. Puloti ya m'khwawa kapena pansi pa phiri lopanda mitengo ikhale yotchipa bwanji, isiyeni. Ku Lilongwe yang'anani Lingadzi, mu 2017 unasefukira n'kuwononga nyumba ku Mtandire. Funsani anthu akale pamalopo kuti madzi anafika pati, adzakulozerani pakhoma.

Mayi Nangondo: Ndibwerere kumayadi, chifukwa aGama aja aiika pa 3 peresenti ngati yosathandiza, pomwe ena amaiona ngati yopanda mavuto. Zonse ziwiri zili ndi pake.

Ubwino wake ndi woti tenanti ndi mmodzi, nthawi zambiri kampani kapena bungwe, pangano lolembedwa, kulipira miyezi itatu kapena kuposerapo patsogolo, kudzera ku banki. Simuthamangitsana ndi munthu pa 5 koloko mamawa. Koma kampani ikamalipira imadula withholding tax ya 20 peresenti n'kukapereka ku MRA, inu mumalandira yotsalayo ndi satifiketi. Satifiketiyo isungeni, ndi imene mudzachotsere pa msonkho wanu pakutha pa chaka. Ambiri amawerengera K1 miliyoni, mu akaunti mukulowa K800,000, n'kuyamba kukangana ndi akauntanti wa tenanti.

Kuipa kwake ndi koti matenanti a kalasi imeneyi ndi ochepa, ndipo ambiri amadalira ndalama za mabungwe akunja ndi akazembe. Boma la America litaimitsa thandizo la USAID kumayambiriro kwa 2025, mapulojekiti ambiri anatsekedwa, ndipo ogwira ntchito m'menemo ndi amene ankakhala ku 10, 12, 43, ku Namiwawa ndi ku Sunnyside. Nyumba imodzi ikakhala yopanda munthu, lendi ndi ziro, koma mlonda, wosamalira kapinga, city rates ndi inshuwalansi zikuyendabe. Pa zinayi zija mmodzi akatuluka atatu akulipirabe. Komanso tenanti wa kumayadi safuna zigamba: giza ikafa akufuna yatsopano lero, akufuna mpanda wamagetsi, malo a jenereta kapena sola, thanki ndi pampu. Zonsezo ndi zoitanitsa kunja, mitengo yake imatsata dola pomwe lendi yanu ili mu kwacha. Ndipo zolemba lendi mu madola m'pangano musazithamangire, malamulo a Reserve Bank safuna kuti malonda a m'dziko muno azilipiridwa mu ndalama zakunja.

Wa ku Joni: Ndiye mwati tizingosunga ndalama ku banki? Chifukwa 3, 6, ngakhale 9 peresenti, zonsezi n'zochepa.

aGama Owerengera: Funso limeneli ndi limene ndimadikira. Mu 2024 policy rate ya Reserve Bank, chiwongoladzanja chimene imakongozera mabanki, inali 26 peresenti, ndipo ma treasury bill a chaka chimodzi, omwe ndi kukongoza boma ndalama, ankapereka pafupifupi chimodzimodzi. Pa lendi yokha palibe nyumba ya m'Malawi imene ingafike pamenepo. Koma kumbukirani kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo kukwera mitengo kwa zinthu kwakhala pamwamba pa 20 peresenti zaka zotsatizana. Mu 2024 wa treasury bill ankalandira 26 koma K200 miliyoni yake ikusungunuka. Wa nyumba amalandira 6 koma simenti, malata ndi puloti zikukwera, ndiye nyumba yake ikukwera nazo. Nyumba ndi nkhokwe yosungira chuma, si chigayo chotulutsa ndalama tsiku ndi tsiku.

Chimene masamuwa akukana n'chimodzi: kumanga nyumba ya lendi ndi ngongole ya banki. Mukakongola K100 miliyoni pa 30 peresenti, chiwongoladzanja chokha ndi K30 miliyoni pachaka. Zinayi zija zikubweretsa K12.5 miliyoni. Yotsalayo ichokera m'thumba mwanu mwezi ndi mwezi mpaka banki idzaike nyumbayo m'nyuzipepala. Za m'mabuku akunja zoti "tenanti adzakulipirirani ngongole" zimagwira kumene chiwongoladzanja chili 5 kapena 6 peresenti, kuno ayi.

Chinanso, lendi sikwera liwiro limodzi m'makalasi onse. Kumayadi mutha kulemba m'pangano kuti lendi idzaunikidwa chaka chilichonse, kampani imamvetsa. Wa boma ndi mphunzitsi wa ku 25 malipiro ake sakwera ngati chimanga, mukakweza ndi 30 peresenti amasamukira ku Mgona kapena ku Senti. Wa mu mdadada ndiye mukangowonjeza K10,000 mwamupikisanitsa ndi thumba la ufa, ndipo ufa ndi umene umapambana.

Che Mdala wa pa Kanengo: Apo pa mdadada ndionjezepo, poti Wa ku Joni akuoneka kuti mtima uli kumeneko. Mdadada si nyumba yongoika ndalama, ndi ntchito ngati golosale. Umafuna munthu wokhala pompo kapena woyandikira, wodziwa kuti uyu walandira lero, uyu katundu wake wayamba kutuluka pang'onopang'ono. Kuuyendetsa pa WhatsApp muli kunja, kudzera mwa mlamu, ndi kumene 9.5 ija imasanduka 2. Wotolerayo amadzakuuzani kuti zitseko zisanu zilibe anthu pomwe muli anthu. Ngati mulibe wokhulupirika, aliyense azilipira yekha pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala yanu, ndipo woyang'anira azilandira malinga ndi zomwe zalowa.

January ndi February ndi miyezi yowawa: fizi, feteleza wa kumudzi, chimanga chakwera. Musaike pulani yokonza denga kapena kubweza ngongole pa lendi ya miyezi imeneyo.

Ndipo chimene chimagwetsa mdadada si khoma, ndi chimbudzi. Anthu amadzaza puloti yonse ndi zitseko osasiya malo okumba china choyamba chikadzaza. Chimbudzi chimodzi chisapitirire anthu 20, ndiye pa zitseko 12 za anthu anayianayi mukufunika zitatu, ndi mabafa ake. Dzenje likhale lomangira njerwa m'kati kuti lisagumuke dzinja komanso kuti galimoto yopopa ithe kupopa, ndipo siyani njira yoti galimotoyo kapena paipi yake ifike. Ngati pali chitsime, chitalikirane ndi dzenje mamita 30, ndipo chikhale kumtunda. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo m'mizinda inakonda malo othithikana otere.

aMbewe a Malamulo: Ndipo wosalipira musamuchotsere chitseko kapena kumusasulira lata, ngakhale anthu amatero. Mukatero mlandu watembenukira kwa inu. Mpatseni notisi yolembedwa monga mwa pangano, akakana pitani kukhoti, wotulutsa munthu ndi katundu ndi sherifu. N'chifukwa chake ngakhale chitseko cha K70,000 chikhale ndi pepala: dzina, nambala ya chiphaso cha unzika, lendi, tsiku lolipira, dipoziti, notisi ya mwezi umodzi, chiwerengero cha anthu ogona m'menemo, ndi mboni.

Nachisale47: Za ana asukulu bwanji? Ena akuti mahositelo ndiye ndalama.

Mayi Nangondo: Ndi kalasi payokha. Ku Chikanda ku Zomba, ku Luwinga ku Mzuzu, kozungulira Bunda, ndi madera oyandikira MUBAS ndi KUHeS ku Blantyre, ophunzira ndi ochuluka kuposa malo ogona a pasukulu. Mumalipiritsa pa bedi, osati pa chipinda, ndiye chipinda cha mabedi awiri kapena anayi chimaposa lendi ya banja. Koma werengani miyezi isanu ndi itatu kapena isanu ndi inayi pachaka, ndipo sukulu ikatsekedwa mwadzidzidzi chifukwa cha sitalaka, mabedi onse amakhala opanda anthu tsiku limodzi. Madzi ndi magetsi amakhala a inu, ndiye ikani malire a mayunitsi pamwezi. Mtunda ndi umene umalamula: kupitirira mphindi 20 wapansi kuchokera pa geti la sukulu, makamaka kwa atsikana obwera usiku kuchokera ku laibulale, mtengo umagwa. Penti, maloko ndi mipando ya zimbudzi muzikonza chaka chilichonse.

Mmisiri wa ku Ndirande: Kulakwitsa kumene kumabwerezedwa kwambiri ndi kumanga nyumba ya kalasi ina m'dera la kalasi ina. Munthu amaika matailosi a ku South Africa, siling'i ya gypsum ndi bafa losambira chogona m'kati mwa Chinsapo, akuyembekeza lendi ya ku 47. Amene angakwanitse lendi imeneyo safuna kudutsa njira imeneyo ndi galimoto yake, ndipo amene akufuna kukhala kumeneko sangakwanitse. Dera lililonse lili ndi denga la lendi, simungalibowole ndi matailosi. Pezani lendi yapamwamba imene ikulipidwadi mizere itatu yozungulira, muchulukitse ndi 12, mugawe ndi peresenti imene mukufuna, yankho lake ndiye ndalama yonse imene muyenera kuthira pamenepo, puloti ndi zomanga pamodzi. Ngati denga ndi K250,000 ndipo mukufuna 10 peresenti, musapitirire K30 miliyoni pa nyumba imodzi.

M'madera apakati zimene tenanti amalipirira ndi zodziwika: mpanda ndi geti lolowa galimoto, chimbudzi ndi bafa zam'kati, mita yakeyake, thanki, mabagala m'mawindo, khonde lakuseri lophikira pa mbaula magetsi akazima, ndi chingwe choyanikira chosalimbirana. Pansi pa simenti yosalala bwino kapena matailosi wamba olimba n'zokwanira. Zitseko zakunja zikhale zachitsulo, mipopi ikhale ya mtundu wopezeka pa hadiweya iliyonse, chifukwa mudzasintha kangapo.

Nyumba zakale za MHC ku 18, ku Kanjedza kapena ku Chinyonga makoma ake ndi olimba ndipo malo ake ndi abwino, koma mapaipi achitsulo a m'menemo anadzaza dzimbiri, madzi amatuluka ofiira ndi ofooka. Ikani ndalama yosintha onse. Onaninso suweji: ku Area 18 mu 2017 anthu anamwa madzi osakanikirana ndi zonyansa mapaipi atawonongeka pansi. Tsegulani manhole ya pabwalo, wina agejemule m'nyumba, muone ngati madzi akudutsa kapena akubwerera.

Wa ku Joni: Nanga kugula puloti kumathero, monga ku Airwing, ku 38, ku Chileka kapena ku Lunzu, n'kudikira mzinda ufike?

aGama Owerengera: Kumeneko mukugula malo, simukugula lendi, ndiye muziwerenge choncho. Funsani zinthu zitatu zokha: polo ya ESCOM yapafupi ili mamita angati ndipo thiransifoma yake ili ndi malo, paipi ya madzi inafika pati, msewu ndi wa ndani. Ngati ziwiri mwa zitatuzi palibe, gulani puloti, sinthani dzina, mangani mpanda ndi kanyumba ka mlonda kuti asakugulitsireni kawiri, koma ndalama yomangira ikagwire ntchito kwina kaye. Onaninso m'lizi, chifukwa za boma zimakhala ndi nthawi yoti mukhale mutamanga, mukapitirira atha kulanda.

Nachisale47: Ndamva akuluakulu. Ndiye pa K200 miliyoni ija, aGama, inuyo mukanaloza pati?

aGama Owerengera: Kwa munthu wa ntchito ina, wosatha kutolera yekha, zinayi zija, pa puloti ya lizi, mphindi khumi kuchokera pa siteji. Koma osamanga zonse kamodzi. Mangani mpanda, sepitiki thanki ndi sokawe zokwanira nyumba zinayi, kenako nyumba ziwiri. Zikalowa anthu mudzadziwa lendi yeniyeni ya pamalopo, ndi madzi ngati amafikadi, musanathire K100 miliyoni yotsalayo. Pulani ipite kukhonsolo isonyeze zonse zinayi kuyambira pachiyambi, kuti musadzabwererenso kukapempha chilolezo china.

Mmisiri wa ku Ndirande: Ndipo sepitiki thankiyo musaiike pomwe padzaime galimoto. Chivindikiro chimasweka chaka chachiwiri.